Mwana wa pa Chitenje Chakuda

Mtendere, Lusaka
2 Juni 2024

Wokondedwa mkazi wanga Tamiwe,

Moni. Uli bwanji pamodzi ndi alendo athu awiriwo? Ine kuno ndili bwino, kungoti mtima suli m'malo.

A Howard, oyendetsa basi aja a kuseri kwa nyumba yathu ku Kapata, ndiwo andipeza kuntchito ndi uthenga woti wachira Lachiwiri, ndipo ndi mapasa, onse aakazi. Ndinali pa makwerero, burashi ili m'manja. Ndinatsika kaye n'kukhala pansi. Awiri, Tamiwe! Ku sikelo anatiuza, inde, koma ine ndinkati mwina makina aja anama.

Foni yanga inagwera m'chigubu cha penti sabata yatha, yafa. Ndiye tizilemberana, a Howard avomera kutinyamulira makalata. Za m'nyumba mwanga sindifuna kuzikambira pa foni yobwereka, mwini wake ataima pambali kutchera khutu.

Tsono undiyankhe izi. Akuyamwa onse? Mkaka ukukwana? Analemera bwanji pobadwa? Kuno kukuzizira, ndiye kumeneko ndi mphepo ya m'mapiri ija sindikudziwa. Uwafunditse, koma osaphimba mphuno. Mbaula isagone m'nyumba, utsi wa makala umapha. Ndatumiza sopo, matewera, mafuta odzola ndi bulangeti limodzi. Ndinagula limodzi chifukwa mutu wanga unali ukuwerengabe mwana mmodzi. Lina libwera.

Nyumba imene tikupenta ku Chalala ndi yaikulu, a kapitawo akuti palibe wochoka mpaka ithe. Michombo ikagwa nditumiza mayina. Tsiku lotuluka m'chikuta muwajambule, chithunzi muchape, a Howard andibweretsere. Ndikufuna kuwaona.

Moni kwa apongozi anga, ndamva abwera kuchokera ku Tamanda. Alongo anga a Hellen ali pafupi, chilichonse chovuta uziwauza.

Ine mwamuna wako,
Boaz


Kapata, Chipata
9 Juni 2024

Mlongo wanga Boaz,

Moni wochuluka. Ife kuno tilipo, chimfine chokha. Ine ndikadali m'zakuda, mwezi wachisanu uno chimwalirire alamu ako, ndipo nyumba siinazolowerebe.

Ana atuluka m'chikuta Lachinayi. Chithunzi chija ndi ichi, china chatsala kwa ine. Wakumanzere ndanyamula ndine, ndamukulunga m'chitenje changa. Wakumanja anyamula apongozi ako m'shawelo yawo, anali atavala zoyera zawo za Chigwirizano cha amayi a kumpingo.

Boaz, ine sindinena kanthu. Maso uli nawo. Koma ukumbuke kuti kwathu kulibe woyera khungu. Atate anali akuda bii, amayi chimodzimodzi, iwe ndi ine ndi awa. Mlamu wanga nayenso si woyera. Tsono tayang'ana amene ndanyamula ineyo, kenako uyang'ane mnzakeyo. Wojambula atandipatsa chithunzi, ndinachiyang'ana kawiri. Amayi a pa mpopi achiona, ndipo mmodzi anati, "Amake Keith, kodi mapasa awa agawana abambo?" Anaseka onse. Ine sindinaseke.

Akuluakulu amanena kuti zimachitika, mimba imodzi amuna awiri. Ndipo chaka chatha, iwe uli ku Lusaka, mlamu wanga ankagulitsa nthochi kumalire ku Mwami kwa oyendetsa mathiraki. Panali wina woyera khungu amene ankagula mkoko wonse osapempha kutsitsa mtengo. Ndinaona ndekha, kawiri konse. Ndinatseka pakamwa chifukwa sindifuna kutchedwa wopasula mabanja.

Usanaike dzina la malemu amayi athu pa mwana aliyense, uyambe waganiza.

Kalata iyi usamuonetse. Ukapeza shuga utumize, kuno wakwera.

Ndine mlongo wako,
Hellen


Mtendere, Lusaka
14 Juni 2024

Tamiwe,

Moni. Ana ali bwanji? Za iwe sindifunsa.

Chithunzi ndalandira. Ndachiyang'ana m'nyumba, ndachiyang'ana padzuwa, ndachipukuta ndi malaya kuti mwina ndi fumbi. Ine sukulu ndinalekera giredi sikisi, aliyense akudziwa, koma mitundu ndiyo ntchito yanga. Zaka zisanu ndi ziwiri ndikupenta nyumba za anthu. Penti ikasiyana pang'ono pokha ndimadziwa ndili pakhomo. Ndiye pa nkhani ya mitundu usandiyese mwana.

Mwana mmodzi ndi wakuda ngati ine. Wina ndi woyera ngati wa kwa eni. Zatheka bwanji?

Undiyankhe, ndipo usazungulire. Ndani ankagula mkoko wonse wa nthochi ku Mwami? Dzina lake ndani? Thiraki yake imapita kuti? Bwanji sunandiuzepo ngakhale tsiku limodzi?

Ine kuno masana ndimadya bani ndi madzi a pa mpopi. Ndimapuma fungo la penti mpaka mutu kuwawa ngati andimenya ndi hamala. Ndimagona chipinda chimodzi ndi amuna atatu. Zonsezi ndimati ndikuvutikira banja langa, osadziwa kuti ku Kapata ndasanduka nkhani ya pa mpopi.

Unkadikira mayina. Wakumanja pa chithunzipo, amene anyamula apongozi, dzina lake ndi Dolika, dzina la malemu amayi anga. Wakumanzereyo dzina ukafunse ku Mwami.

Bulangeti lachiwiri ndatumiza, chifukwa chisanu sichifunsa kuti bambo wa mwana ndani. Uwayamwitse mofanana, mwana sanalakwe. Matewera uziwayanika padzuwa aume gwa, achinyezi amatupitsa. Koma dzina ayi. Dzina la kwathu sindimwaza ngati chimanga cha nkhuku.

Boaz


Kapata, Chipata
20 Juni 2024

Abambo a Dolika,

Ndakuitanani choncho popeza mwasankha kukhala abambo a mmodzi. Moni. Ana ali bwino, onse awiri.

Kalata yanu ndinaiwerenga ndikuyamwitsa, wina bere ili wina bere ili. Mabala anga sanapole, pokhala pansi ndimachita kugwira khoma. Ndinkati mwamuna wanga wanditumizira mawu ondilimbitsa. Ndinapezamo mafunso ngati a kupolisi.

Mukufuna dzina la wogula nthochi? Sindilidziwa. Ndi bambo wa imvi, msinkhu wa atate anga, ankagulira adzukulu ake. Nthochi zomwezo ndi zimene zinagula matiresi amene munagonapo mu Sepitembala mutabwera kudzapuma. Poti mitundu mumaidziwa, miyezi nayo muwerenge.

Amene anakuuzani ndikuwadziwa. Mverani za dzana. Alamu anga a Hellen anabwera ndi amayi awiri a pa mpopi kudzaona ana, kapena ndinene kuti kudzaonetsa. A Hellen ananyamula mwana, kumuika pachifuwa, n'kunena, "Ndi uyu, taonani nokha kuyera kwake." Amayi anga anati, "Ameneyo ndi Dolika, onani ulusi pamkonopo." Ndinamumanga ulusi chifukwa ngakhale ine amake ndimawasokoneza. Alongo anu anamuika pansi msangamsanga, kutenga winayo. "Eya, ndinalakwitsa, ndi uyu." Mwana aliyense amene alongo anu anyamula amasanduka wa dalaivala. Anamwino anandiuza kuti ana awa anali m'thumba limodzi. Koma inu mwakhulupirira pepala la wojambula.

Loweruka ndikupita ndi amayi ku Tamanda. Sindingatunge madzi pa mpopi pamene anthu amasiya kulankhula ndikafika. Makalata muzisiyira alongo anu omwewo, popeza ndiwo maso anu.

Chomaliza ndi ichi. Lachiwiri pa 9 Julayi ndi tsiku la sikelo, ana akalandira katemera. Khadi la Dolika lili ndi dzina. Khadi linalo lili ndi mpata, ndipo anamwino anena kale kuti tsiku limenelo mpatawo utsekedwe. Dzina lanu likapanda kufika, ndikalembetsa langa. Simudzalikonda.

Tamiwe


Mtendere, Lusaka
26 Juni 2024

Tamiwe,

Moni. Wachoka panyumba panga osandipempha, ndiye ukundiopsezanso ndi khadi? Lemba limene ukufuna.

Zoti a Hellen anasokoneza ana ndi nkhani za azimayi. Munthu amasokoneza, chithunzi sichisokoneza. Chili m'thumba mwanga muno, ndimachiona tsiku lililonse, ndipo woyera akadali woyera.

Ku Tamanda kuli udzudzu, neti uziipinda pansi pa mphasa mbali zonse. Wina akatsokomola, aliyense mwa awiriwo, usadikire kuti kuche kawiri, thamanga kuchipatala.

Kalatayi ndaidutsitsa kwa a Hellen monga wanenera.

Boaz


Mtendere, Lusaka
4 Julayi 2024

Mkazi wanga Tamiwe, amake ana anga,

Moni. Ana ali bwanji? Iwe uli bwanji, mabala apola? Chonde usang'ambe kalatayi usanafike kumapeto.

Dzulo ndinatsala pang'ono kuchotsedwa ntchito. Mwini nyumba, mayi wina dzina lawo a Hazel, anabwera kudzaona khichini. Anali atatiuza kale kuti tipake penti yotuwa. Mbali ina ya khichiniyo ili ndi matayilosi akuda, mbali ina ili ndi makabati oyera. Makoma onse awiri ndinapaka ndine, chigubu chimodzi, burashi imodzi, tsiku limodzi. Atangolowa anayamba kukuwa kuti ya ku matayilosi ndathiramo madzi, penti yawo ndagulitsa, n'chifukwa chake yayera. Ndinati, "Amayi, chigubu n'chimodzi." Anati, "Ukundiyesa wakhungu? Maso ndili nawo!" Ananditcha mbava pamaso pa anzanga onse. Tamiwe, burashi ndinaiponya pansi. Choipitsitsa n'chakuti nditayang'ana makomawo, inenso ndinaona mitundu iwiri, wina wowala, wina woderako. Ine amene ndinapaka ndi dzanja langali!

A Ben, kapitawo wathu, sanakangane nawo. Anatenga katoni imene timayeserapo penti, youma kale, n'kuidula pakati ndi mpeni. Chidutswa china anaika pa tayilosi lakuda, china pa kabati yoyera.

"Amayi, chowala n'chiti?"

"Icho, cha pakudacho. Ngakhale mwana akhoza kuona."

A Ben anazisinthanitsa mayi aja akuona. "Nanga tsopano?"

Mayi aja anawerama kuyang'anitsitsa. Chodera chija chinali chitawala, chowala chija chitada. Kenako a Ben anaziphatikiza pamodzi, zinali chinthu chimodzi, ngakhale podula sipanaoneke.

A Ben anati diso si sikelo, siliyeza kanthu. Ntchito yake ndi kutumiza uthenga, woweruza ndi mutu, ndipo mutu umaweruza chinthu poona chimene chayandikana nacho. Chikakhala pafupi ndi chakuda, mutu umati chayera. Chikakhala pafupi ndi choyera, umati chada. Akuti ngakhale ophunzira kwambiri amagwa nazo. Mayi aja sanapepese. Anangoti tifulumire, n'kukwera galimoto.

Nthawi yopuma bani sindinadye. Ndinatulutsa chithunzi m'thumba la ovolosi. Ndinatenga katoni ina, kuboola timabowo tiwiri ndi msomali, n'kuiika pamwamba pa chithunzi, kuti chitenje cha a Hellen chibisike, shawelo ya apongozi ibisike, patsale masaya a ana okha. Ndinaitana a Ben osawauza kuti pansipo pali chiyani. Ndinati, "Mitundu iyi ndi ingati?" Anati, "Umodzi." Ndinaitana woika matayilosi, nayenso anati umodzi.

Nditachotsa katoni, wakumanzere anayeranso. Nditabwezera, anafanana. Ndachita kasanu konse. Ngakhale panopa ndikudziwa zoona, ndikachotsa katoni diso langa likunamabe, silichita manyazi. Ndiye zaka zisanu ndi ziwiri zija ndinakudzitamira nazo ndi zachabe.

Ndalakwa, Tamiwe. Mawu amene mayi aja anandilasa nawo ndi omwe ndinakulasa nawo iwe. Koma ine anangonditcha mbava ya penti, ndipo ndinalephera kudya. Iwe ndinakutcha choposa pamenepo, uli ndi mabala, ana ali pabere.

Dzina la mwana wanga ndi Felesita, dzina la azakhali amene anandilera atate atamwalira. Ukalembetse limeneli Lachiwiri. Chonde. Kalata ija ya pa 26 uiponye pamoto.

Akabaya katemera ana amatentha thupi. Ufunse anamwino chowapatsa, usawamwetse mankhwala a akuluakulu ngakhale wina akuuze kuti theka silivuta.

Ine mwamuna wako wopusa,
Boaz


Mtendere, Lusaka
4 Julayi 2024

Alongo anga a Hellen,

Moni. Keith ali bwanji? Ine sindili bwino, ndipo chifukwa chake ndinu.

M'envulopu muno muli katoni ya mabowo awiri. Muiike pa chithunzi chanu chija, mabowo alunjike pa masaya a ana. Mukatero muitane amayi a pa mpopi aja, makamaka uja woseka, aone. Ana ndi amtundu umodzi. Chimene chinayeretsa mwana ndi chitenje chanu chakuda, chimene chinadetsa winayo ndi shawelo yoyera. Si dalaivala ayi. Simunadabwe kuti mwana aliyense amene mwanyamula amayera?

Munati simunena kanthu, koma munanena zonse. Munati simufuna kutchedwa wopasula mabanja, nanga mkazi wanga ali kuti lero? Inenso ndine chitsiru, ndinameza osatafuna. Koma inu ndinu aakulu, munali pomwepo, ana munkawagwira ndi manja.

Kalata inayo ndi ya Tamiwe. Muli dzina la mwana. Iyenera kufika ku Tamanda Lachiwiri lisanakwane, apo ayi mwana alembedwa dzina lina. Mupatse wa njinga yamoto tsiku lomwelo a Howard akafika. Musaitsegule, musaisunge. Ichi chokha ndakupemphani.

Shuga sindinatumize.

Boaz


Kapata, Chipata
8 Julayi 2024

Boaz,

Moni. Tilipo, ngakhale sukufuna kuti tikhalepo.

Ine ndinakuberekapo kumsana uku, ndinakupukuta mamina, lero ukundiphunzitsa ndi katoni? Katoni yako ndayatsira mbaula.

Ndiye wati chalakwa ndi chitenje changa. Chitenje chimene ndavala polira alamu ako, amene anakupezera ntchito yoyamba ya penti. Ukutanthauza kuti maliro anga ndiwo alowetsa tsoka m'nyumba mwako? Nena poyera. Mkazi wako wakudyetsa chiyani kuti utukwane wamasiye?

Kalata yake ili pa kabati. Ine si wa positi. Akapezeka wopita ku Tamanda ndipereka.

Hellen


Tamanda
17 Julayi 2024

Abambo a ana,

Moni. Ana ali bwino. Anatentha thupi tsiku limodzi, tsopano akuyamwa molimbirana.

Kalata yanu ya pa 26 Juni, yoti ndilembe limene ndikufuna, inafika msanga kwambiri. Alongo anu anachita kuitumiza pa njinga yamoto. Ya pa 4 Julayi yafika Lamlungu pa 14, ndipo anabweretsa ndi akazi awo a Howard, amene anachita kukailanda pa kabati. Sikelo inali pa 9.

Tsiku limenelo ndinakhala kumapeto kwa benchi. Aliyense wobwera pambuyo panga ndinkamuuza kuti tsogolani. Njinga ikalira kumsewu ndinkadzuka. Amayi anati, "Khala pansi, ukudzionetsa." Azimayi onse atatha, anamwino anandiitana.

"Mayi, uyu Dolika. Nanga uyu?"

Ndinati, "Mwandikana."

Anakweza mutu. "Mwatsimikiza? Ichi n'cholembera, si pensulo."

Ndinati, "Lembani, bambo ake avomereza."

Za katoni ndawerenga, kawiri. Ndinawawerengeranso amayi. Iwo anangoti, "Katoni waikhulupirira, mkazi wake ayi." Pamenepo ndi pamene pakundiwawa. Ine ndinakuuzani za alongo anu ndi ulusi, munati ndi nkhani za azimayi. Anena a Ben, mwamva. Akanapanda kukutchani mbava mayi a khichini aja, bwenzi lero ndili yani kwa inu?

Kupepesa kwa pa pepala ndakulandira, koma manyazi anga sanali a pa pepala. Anali a pa mpopi.

Ndafunsa ku sikelo. Akuti dzina angathe kukonza ngati bambo ndi mayi abwera limodzi. Tsono mverani. Nyumba ya ku Chalala ithe isathe, mubwere. Muitane ankhoswe a mbali zonse. Alongo anu abwere, ndi mayi wondiseka pa mpopi uja abwere naye. Ulusi ndidzadula, chizindikiro china ndikuchidziwa ndekha ndi amayi. Ana ndidzawaveka zofanana, ndidzawagoneka padzuwa pa mphasa imodzi. Inu ndi alongo anu mudzaloze wa dalaivala.

Mukadzamuloza, dzina likhala momwemo, inenso ndikhala konkuno. Mukadzalephera, mudzanene mokweza kuti mwalephera, wa kumbuyo amve. Tikatero tidzapita ku sikelo, mudzakhale pa benchi pakati pa azimayi mwana ali m'manja, ndipo anamwino akafunsa mudzayankhe nokha kuti Felesita, mudzawauzenso chifukwa chake.

Mpaka tsiku limenelo ndikumuitana Mwandikana, m'mawa ndi madzulo. Wayamba kale kutembenuza maso ndikamuitana. Fulumirani.

Ndine amake Dolika ndi Mwandikana,
Tamiwe